Zopanira za Malemu

Bambo aang'ono ankapota chopanira matabwa ngati akumanga tayala la lole, mitsempha ya m'khosi itatupa. Anali makaniko, ndipo kwa makaniko, chitsulo chikapanda kulira ndiye kuti sichinamangike.

Panali patadutsa masiku anayi chiikireni m'manda mkulu wawo, kalipentala. Shedi ya matabwa inatsala, ndipo iwo ankaifuna.

"Ntchito iyi ndi ya mikono, mwanawe," anauza mwana wamkazi wa malemu, amene bambo ake ankamutcha Nautuchi poti m'tsitsi mwake simunkasowa utuchi. "Timanja takoto tingapane thabwa?"

Mushedimo Nautuchi anakuliramo, ndipo sankadziwa kwina kopita.

Mayi ake ndiwo anagamula, ali pa benchi, maso akadali otupa. Aliyense alumikize matabwa awiri ndi guluu. Mawa alamu awowo akwerepo. Amene matabwa ake sasiyana, makiyi a shedi ndi ake.

Nautuchi sanafulumire. Anapala m'mbali mwa matabwa, kuwagunditsa, kusuzumira ngati kuwala kukudutsa pakati, n'kupalanso. Atapaka guluu anapota chopanira ndi zala zitatu. Timadontho toyera titangondandana pamzere, analeka.

"Basi? Ukuopa kuti likuluma?"

"Ababa ankati thabwa likatuluka thukuta ndiye kuti lamva. Mukapitirira mukufinya guluu yense."

"Achimwene anali ndi chifundo chambiri. N'chifukwa chake anafa akuyenda pansi."

Matabwa a bambo aang'onowo anali okhota pang'ono, koma anawakakamiza mpaka anapsompsonana. Guluu anachucha pansi, nsapato n'kumamata.

Kutacha anamasula zopanira, n'kuyala matabwa a Nautuchi pa njerwa, ina uku ina uku. Bambo aang'ono anakwerapo ndi mimba yawo yonse. Anadumpha. Anavinapo pang'ono. Matabwa sanadandaule.

"Mwayi chabe. Tsopano onerani ntchito ya amuna."

Phazi lachiwiri lisanafike pa matabwa awo kunamveka phwa, iwo ali khutchu mu utuchi, miyendo m'mwamba. Pomwe analumikiza panali poyera ngati mbale yonyambita galu.

Mayi anaseka koyamba chimwalirireni amuna awo. Anadziphimba pakamwa ndi mpango, dzanja linalo likupereka makiyi kwa mwana wawo.

Nautuchi anawatambasulira dzanja bambo aang'ono. Anawagwira molimba, koma osafinya, mpaka anaimirira. Iwo sanalisiye msanga dzanjalo. Analiyang'ana, zikang'a zake, guluu wouma m'zikhadabo.

"Kagwiridwe aka," anatero motsitsa mawu. "Tili ana, achimwene ankandiwolotsa msewu chonchi."

Anadzisasa utuchi m'matako, anatola chopanira chija, n'kuchipukuta guluu ndi malaya awo abwino. Kenako anayang'ana misomali ya pakhoma, pomwe malemu ankakolekapo zida kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono.

"Ichi chimakhala pati, abwana?"