Chimbalangondo Waponya Zonse

Lachinayi masana shopu ya wokonza mafoni inali yotseka. Anaitseka ndi mlamu wake, wogulitsa nyama kubutchala, amene tsopano anaima kumbuyo kwa mpando, epuloni ili magazi okhaokha, chitsulo chonolera mipeni chili m'manja.

Ndalama zimene zinali m'masewera a makhadi a poka pa intaneti zinali za mlamuyo. Anagulitsa firiji ya kubutchala atamva kuti mwamuna wa mlongo wake satchova juga mwachisawawa, amasewera ndi masamu.

Pa laputopu panatsala anthu awiri, wokonza mafoni ndi wina wodzitcha Chimbalangondo. Khadi lomaliza litagwa, Chimbalangondo anaponya ndalama zake zonse. Wokonza mafoni anali ndi makhadi ofooka, manaini awiri basi. Anayenera kuvomera, n'kuika zotsala zonse kuti makhadi aoneke, kapena kugonja, n'kutaya mulu umene unali kale pakati.

"Mwauma bwanji, alamu? Dinani."

"Dikirani ndiwerenge."

Wokonza mafoni anali ndi pulogalamu imene inkasunga mbiri ya aliyense amene anasewerapo naye. Ya Chimbalangondo inali yaitali, ya miyezi yambiri. Pa maulendo khumi alionse oponya zonse, anayi munthuyo ankangoopseza, m'manja mulibe kanthu. Malinga ndi kukula kwa muluwo, ngakhale atatu akanakwanira kuti kuvomera kupindule.

"Masamu akuti tivomere."

"Ndiye tiwina?"

"Kanayi pa khumi."

"Nanga kotsalako?"

"Firiji yapita."

Mlamu anamugwira dzanja lamanzere, n'kulikanikiza patebulo pakati pa mawaya ndi magalasi osweka a mafoni.

"Ine masamu ndinawathawa kusukulu, koma zala ndimatha kuwerenga. Firiji ikapita, izi zipita nayo. Muzidzakonza mafoni ndi mano."

Kamzere kofiira ka nthawi kankafupika. Manambala anali oona, wokonza mafoni sanawakayikire ngakhale pang'ono. Koma anayang'ana zala zake, zimene zinkadyetsa ana ake, kenako chitsulo chija. Anadina kugonja.

Chimbalangondo anakokolola mulu wonse. Kenako, mwachipongwe, anaonetsa makhadi ake: folo ndi seveni, osagwirizana ndi chilichonse. Anatumizanso kankhope koseka.

"Akuseka chiyani ameneyu?"

"Amanama."

"Tikanawina?"

Wokonza mafoni anayang'ananso makhadiwo. "Tikanawina."

"Masamu anakuuzani, inu osamva?"

Chitsulo chinatsika. Chala chapakati chinathyoka, phokoso lake ngati nkhuni youma. Chinatsikanso pa chamkombaphala. Wokonza mafoni anagwa ndi mpando womwe, akukuwa, ndipo jombo yakubutchala inamupeza m'nthiti, kenako pakamwa. Laputopu inamenyetsedwa kukhoma, mabatani ake n'kumwazika pansi.

Panja wina anagogoda.

"Amisiri! Foni yanga ija mwamaliza?"

Mlamu anapukuta chitsulo pa epuloni, akupuma mwabefu, n'kuwerama.

"Mlongo wanga mukamuuze kuti mwapanidwa ndi chitseko."

Anatsegula, n'kumulonjera kasitomalayo mwaulemu.

"Pepani mayi, amisiri sagwira ntchito mwezi uno."