Mpando wa Mai Lurleen ku Delmont

"Mnyamata wanu uja ndi wamantha, alamu," anatero a Dewey Pruitt, uku akukankhira pambali mbale ya nkhuku yokazinga imene amai a kumpingo anabweretsa. "Akangoona anthu awiri akumuthamangira, mpira amautaya ngati wamuwotcha m'manja."

Panali patapita masiku atatu chiikireni akazi awo, mai Lurleen, m'manda. Patebulo panali a Dewey, mwana wawo Marva amene anachokera ku Memphis, ndi a Hoyt, mlongo wa malemuwo.

A Hoyt anaika foloko pansi. Iwo ndi mlongo wawo uja anakula akuchemerera timu ya mpira wa ku America ya koleji ya Delmont, yovala zobiriwira. A Dewey anali a Ashby, timu yofiira imene inazolowera kupambana muno mu Mississippi. Mnyamata amene ankanenedwayo anali Broadnax, kotabeki wa Delmont, wosewera amene ntchito yake ndi kuponyera anzake mpira.

"Broadnax wamantha?" anafunsa a Hoyt. "Masewero asanu, Delmont yapambana onse asanu. Zinachitikapo liti zimenezi? Kotabeki wa zaka makumi awiri, akuponya mpira kuchokera pakati pa bwalo n'kukagwera m'manja mwa mnzake ngati wachita kumupatsira. Wanu wa ku Ashby uja amaponya ngati akumwaza fetereza."

"Mwasewera ndi ndani? Timakoleji ta aphunzitsi ndi abusa. Dikirani Novembala mukumane ndi zimphona zathu. Adzatuluka pa machira mwana ameneyo."

"Pa machira? Alamu, inuyo chaka chatha..."

A Dewey anawongoka pampando, magazi atayamba kuyenda. Koma Marva anagwira mkono wa amalume ake n'kuwayang'ana. A Hoyt anameza mawu aja pamodzi ndi tiyi wozizira.

"Mwina mukunena zoona, alamu," anatero motsitsa. "Akadali mwana. Tiona."

A Dewey anadikira. Palibe anawonjezerapo. Marva anayamba kutolera mbale.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati wawo, mai Lurleen sananenepo kuti mwina mukunena zoona. Anali mai woyendetsa basi ya ana a sukulu, wa mawu omveka mpaka kumpando wa kumbuyo. Ashby inagonjetsa Delmont zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zotsatizana, ndipo chaka chilichonse iwo ankapeza chifukwa: woimbira mpira, mphepo, udzu wa m'bwalo. Iwo ndi amuna awo ankakangana pophika, ankakangana m'galimoto popita kutchalitchi, ankakangana uku akupinda zofunda, wina mbali iyi wina mbali iyo. Loweruka lililonse lomwe Delmont ikusewera kwawo, mai Lurleen ankayenda okha ulendo wa maola awiri, chifukwa amuna awo analumbira akadali mnyamata kuti phazi lawo silidzapondamo m'bwalo limenelo.

Matenda a mai Lurleen anapezeka mu Juni. Chaka chimene Delmont inadzuka n'chimene iwo anagona. Masewero anayi anawaonera pabedi, la chisanu linawapeza atasiya kale kutsegula maso.

Lachinayi m'mawa a Dewey anapita kokamwa khofi kumene amuna a m'tauni yawo amakumana. Pakhomo anamva phokoso la masiku onse, ena akuti Delmont ifika patali chaka chino, ena akuti ndi moto wa mapesi. Atangolowa, phokoso lija linazima. Anthu anaimirira, anawagwira chanza, anawasiyira mpando wa pawindo.

"Broadnax sangafike Khirisimasi ali ndi miyendo yonse iwiri," anatero a Dewey mokweza, akuyang'ana bambo wina wovala chipewa chobiriwira, amene anakhala akuzazirana naye zaka zambiri.

"Zingatheke, a Pruitt," anayankha bamboyo. "Mpira ndi choncho. Mukudya koma?"

A Dewey khofi wawo anamusiya theka.

Kunyumba anapeza Marva m'chipinda, akulongedza zovala za amai ake m'makatoni. Malaya obiriwira anali mulu wakewake pabedi.

"Adadi, ndalankhula ndi amuna anga," anatero osatembenuka. "Chipinda cha pansi chija chilibe munthu. Simungakhale nokha muno. Simudziwa ndi pamene pamakhala mchere."

"Uli pamwamba pa chitofu."

"Umenewo ndi shuga." Marva anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Komanso tikiti ya amai ya ku Delmont ija, ndawauza amalume kuti atenge. Kwatsala masewero atatu a pakhomo. Ndi iwo amene angakondwere nayo."

"Wawauza liti?"

"Dzulo. Nanga inu mukanatani nayo? Simunapondeko chibadwire."

"Unandifunsa?"

"Adadi, chonde. Ndikuyesetsa kuti zinthu zikupepukireni. Sindifuna kukangana nanu."

"Ndi chimenecho," anatero a Dewey. "Palibe akufuna."

Marva anawayang'ana osamvetsa. Iwo anatsegula kabati ya pambali pa bedi, natulutsa envulopu ya matikiti, naipinda kulowetsa m'thumba la malaya. Madzulo ake anaimbira a Hoyt kuti tikiti ya Loweruka lino aiwale, zinazo adzatenge. A Hoyt anavomera msangamsanga, mwaulemu, mpaka a Dewey anakhumudwa.

Loweruka ananyamuka dzuwa litakwera. Marva anaima pakhonde atavala juzi ya amai ake.

"Mukavala chimenecho?" anafunsa akuloza chipewa chofiira cha Ashby.

"Ndilibe china."

"Ndikuperekezeni?"

"Tikiti ndi imodzi. Za Memphis tidzakamba ndikabwerako. Sindinavomere, komanso sindinakane."

Msewu unadutsa m'minda ya thonje lokolola kale. Anatsegula wailesi, namva anthu akuimba foni kutsutsana za Broadnax, wina akuti ndi mphatso yochokera kumwamba, wina akuti dzanja lilipo koma mutu ukadali wa mwana. A Dewey anapezeka atatembenukira kumpando wa kumanja kuti anene kanthu. Anazimitsa wailesi ija.

Bwalo la Delmont linali laling'ono kuposa mmene mai Lurleen ankalisimbira. Kulikonse kunali kobiriwira, ana opakidwa utoto kumaso, ng'oma za bandi, utsi wa nyama yowotcha. Anthu ankayang'ana chipewa chofiira chija n'kuseka, popeza Ashby sinali kusewera pamenepo tsikulo, koma palibe anaiyamba nkhalamba yoyenda yokha. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, mawondo akudandaula, mpaka mzere wa makumi awiri ndi zitatu.

Pampando wa akazi awo panali chikwama chachikulu. Mwini wake anali mai wachikulire wonenepa, wa ndolo zobiriwira, amene anayang'ana tikiti, kenako chipewa, kenako nkhope.

"Ndinu a Dewey," anatero, akuchotsa chikwama chija. "Ine ndine Odessa Tubbs. Ndakhala pambali pa Lurleen zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kumaliro ndinaliko, koma ndinakhala kumbuyo. Khalani."

A Dewey anakhala. Anakonzekera mawu achipepeso, dzanja paphewa, funso lija loti mukudya koma. Mai Odessa anangotembenukira kubwalo.

Mpira unayamba. Broadnax anali wamtali, woonda miyendo, ndipo ankayenda ngati alibe changu ndi munthu. Ulendo wachitatu anabwerera m'mbuyo, anazemba mmodzi, anazemba wachiwiri, naponya mpira umene unakhala m'malere nthawi yaitali usanatsikire m'manja mwa mnzake kumapeto kwa bwalo. Anthu onse anaimirira. A Dewey okha anatsala pansi, akuona misana ya anthu, mtima ukuwawa chifukwa mpira umenewo unali wokongola ndipo woyenera kuuona sanauone.

Anthu atakhala pansi, mai Odessa anapisa m'chikwama natulutsa magalasi ndi pepala lopindidwa kanayi.

"Kutatsala sabata kuti atisiye, Lurleen anandiimbira ali kuchipatala," anatero. "Anati, Odessa, nkhalamba yanga ija idzabwera. Idzachedwa, koma idzabwera, itavala chipewa chonyansa. Anthu onse adzakhala akuinyengerera ngati dzira, ndipo zimenezo n'zimene zingaiphe. Iwe usadzaimvere chisoni. Kenako anandiuza nditenge cholembera. Mpweya unkawathera, tinatha pafupifupi ola lathunthu."

A Dewey anayang'ana pepalalo. Linali lodzaza mbali zonse ziwiri.

Mai Odessa anavala magalasi, nakonza kukhosi.

"Choyamba. Zimphona za Ashby zimene amanyadirazo n'zonenepa chabe, sizingagwire ngakhale basi yoima."

A Dewey anavula chipewa, nachizunguza m'manja, nachivalanso. Pansi paja anyamata anali kufola kuti ayambirenso.

"Limenelo ndi bodza," anatero. "Bodza lenileni. Anyamata amene aja chaka chatha anagwetsa makotabeki kokwana makumi atatu."

"Anati mudzatero. Yankho lake lili kuseri."

A Dewey anasendera pafupi kuti amve bwino pakati pa phokoso la ng'oma.

"Musadumphe," anatero. "Werengani mwa ndondomeko yake. Chachiwiri akuti chiyani?"