Ana Opanda Tsiku Lobadwa

Panali chinthu chimodzi chimene Zipora anali asanauzepo munthu, ngakhale amayi ake omubala: Lachisanu lija, m'chaka cha njala cha 2002, iye sanapite ku Nathenje.

Anali atangolemba mayeso a Folomu 4 pamene Mayi Masozi, oyang'anira zolembalemba pa chipatala chaching'ono cha mishoni ku Mitundu, anamutenga kuti amuphunzitse kompyuta. M'kompyutamo munali pulogalamu yotulutsa mayina a ana onyentchera oyenera kulandira phala la likuni. Inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense anali ndi ufulu woikonza n'kutumizira anzake. Zipora, amene pagulu pakamwa pankamulemera, ndi kompyuta ankamvana. Posakhalitsa anayamba kusintha yekha mizere ina.

Koma makompyuta anali awiri. Ya ku Mitundu inali ndi mtundu watsopano wa Python, chilankhulo chimene pulogalamuyo inalembedwamo. Ya pa chipatala chinzake ku Nathenje inali nkhalamba, ya mtundu wakale. Lamulo la Mayi Masozi linali limodzi basi: ukasintha kanthu yesa pano, kenako tenga disiketi ukayesenso ku Nathenje, ndiye ubwere udzachonge papepala.

Chimene Zipora anasintha sabata imeneyo chinali chabwino ndithu. Azimayi ambiri akumudzi ukawafunsa tsiku limene mwana anabadwa, amangoti, "Inali nthawi yopalira," kapena, "Fodya ali m'chigafa." Alangizi a zaumoyo ankangopeka tsiku la m'mutu mwawo. Zipora anakonza zoti malo a tsiku azitha kutsala opanda kanthu. Ku Mitundu zinayenda bwinobwino.

Lachisanu lija, atafika pa siteji ya matola anapeza anyamata ena okhalira kuseka anthu. "Asisi a makompyuta, tatipatsaniko moni wa Chingerezi," anatero mmodzi, anzake n'kufa nazo. Zipora anakaima kuseri kwa golosale, disiketi ili m'thumba la siketi. Galimoto inabwera, inadzaza, inapita. Madzulo anabwerera ku ofesi n'kuchonga. Lolemba dalaivala wa ambulansi anapita nayo disiketi ija ku Nathenje.

Kompyuta yakale ija sinadandaule. Mwana aliyense wopanda tsiku lobadwa inkangomudumpha mwakachetechete. Ana makumi atatu anakhala masabata atatu osalandira phala, ndipo mmodzi wa iwo sanafike pa chimanga chachiwisi. Amene ankasindikiza mayina kumeneko anali Bambo Jeremiah, mlangizi wa zaumoyo. Anthu anati ankachotsa dala mayina kuti azigulitsa likuni. Mayi Masozi anatulutsa pepala lochonga lija pamaso pa komiti ya chipatala, nati pulogalamu inayesedwa, ilibe mlandu. Bambo Jeremiah ntchito inawathera pomwepo.

Zipora sanaulule. M'malo mwake anakakamira pa kompyuta miyezi iwiri mpaka anapeza njira yoika mitundu yonse ya Python, wakale ndi watsopano, m'kompyuta imodzi ya ku Mitundu. Analemba kapulogalamu koti ukangodina kamodzi, kaziyesa kokha chilichonse pa mtundu uliwonse, popanda disiketi, popanda matola, popanda munthu wochonga. Ulendo woyamba, mzere wa mtundu wakale unatuluka kuti walephera, pa ana opanda tsiku omwe aja. Anayang'ana kukhomo. Anakonza vutolo msangamsanga, anadinanso, ndipo zonse zitayenda bwino m'pamene anaitana Mayi Masozi.

Iwo anatumiza ntchitoyo pa imelo kuchokera ku tauni. Anthu akunja aja anathokoza kwambiri, nalemba dzina la Zipora pa mndandanda wa okonza pulogalamuyo. Mayi Masozi anasindikiza kalatayo n'kuimata pakhoma, pamwamba penipeni pa mpando wa Zipora, moti tsiku lililonse ankakhala pansi pake.

Mu Ogasiti Mayi Masozi anamutuma kukaika pulogalamu yatsopano ku Nathenje. Atatsika, anawaona Bambo Jeremiah m'mbali mwa msewu, akuunjika tomato pa thumba. Anali ataonda, atavala malaya omwe aja abuluu a ku ntchito, kolala itatha.

"Ee, Naphiri wathu," anatero akumwetulira. "Tamva dzina lanu lakwera ndege. Langanso latchuka, musadandaule. Ana kuno akumanditcha Jeremiah Likuni. Kutchalitchi mbale ya chopereka imandidumpha, akuti ndingaidye."

Mayi wogulitsa anyezi pambali pawo anaseka. Zipora sanaseke.

"Tengani awiriwa mukapatse mayi anu," anatero, akusankha tomato wofiira bwino. "Mukudziwa, mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndinadina pati. Mwina zala zangazi, za khasu. Inu ndi ophunzira, mungadziwe."

Zipora sanatambasule dzanja. Minibasi inadutsa ikuimba hutala, kondakitala akukuwa za ku Diamphwe, ndipo iye anadikira mpaka phokoso litatha. Anagwada pafumbi, pamaso pa mayi wa anyezi ndi onse odutsa.

"Bambo, simunadine polakwika," anatero mokweza. "Mayina aja anachoka chifukwa cha ine. Tsiku loyesa sindinabwere kuno. Ndinangochonga."