Apongozi Pawindo

Nzeru zonse zinali za Liness. Iye ndiye anagula matikiti ali ku Amereka komweko, n'kusankha mipando ya pakati pa ndege. Si ya mabwana akutsogolo ija ayi, komanso si ya kumbuyo kumene anthu amathinana ngati fodya m'belo. Inali mipando iwiriiwiri chakuwindo, yotakasuka, yokhala ndi potsamiritsa miyendo.

"Amayi miyendo imatupa," anatero pafoni. "Mukhale nawo pafupi, muziwayang'anira. Akamwa mankhwala a shuga aja, adye. Mwamva? Adye."

Redson anamva. Akanatsutsana naye bwanji munthu ali gone m'chipatala? Liness, mkazi wake, anali wotopa, ndipo madokotala anali atanena kuti mwanayo adzabadwa pa opaleshoni. Mimba yoyamba inapita padera, choncho ulendo uno anakanitsitsa kuti mpeni sumukhudza mayi ake asanafike. Redson anatenga tchuthi n'kubwera ku Kasungu kudzatenga apongozi ake, a Fainala a kwa Njombwa.

Chimene Liness anaiwala, kapena chimene Amereka inamuiwalitsa, n'chakuti mwamuna wake ndi mayi ake ankaopana. Chikwatirireni, Redson anali asanawayang'anepo a Fainala m'maso. Akakumana panjira ya kudimba, wina ankapatukira patchire. Zodyera pamodzi ndiye musanene n'komwe, ngakhale kumwa madzi wina akuona. Nkhani zonse zinkadzera mwa Malita, mng'ono wake wa Liness. Za ulendowu nazo zinadzera mwa iye: kuti a Fainala sakufuna kuchoka makuponi a feteleza asanagawidwe, kuti fodya ali pa nazale awokere ndani mvula ikagwa, kenako kuti chabwino apita poti ndi mwana wawo. Koma Malita anatsala pabwalo la ndege ku Lilongwe akupukuta misozi.

Mpaka ku Joni zinayenda bwino, chifukwa m'ndege yoyambayo anakhala motalikirana. Mavuto anayamba m'ndege yaikulu, yowoloka nyanja usiku wonse. Asanakwere, Redson anawaona apongozi ake atamufulatira, akumeza mankhwala awo ndi madzi a m'botolo. Anapumira m'mwamba. Chinatsala ndi chakudya basi.

A Fainala anakhala pawindo, nakokera chitenje kumaso, thupi lonse litakhotera kukhoma. Redson anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando wake, phewa lili m'kanjira, moti aliyense wodutsa ankamugunda. Pakati pawo panali poika mkono pokha, ndipo palibe anaikapo mkono. Malo onse aja amene Liness anavutikira anangokhala gwaa, anthu awiri atadzipinda aliyense kumbali kwake. Redson anakwiya ndi mkazi wake, ndipo anachitanso manyazi kuti akukwiyira munthu wodwala.

Ndege itakhazikika m'mwamba, chakudya chinabwera. Sichinali cha m'mapepala ayi. Munali mbale zenizeni ndi masipuni achitsulo, mpunga wa nkhuku, buledi ndi batala. Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anawakonzera a Fainala katebulo kawo n'kuwamwetulira. A Fainala sanakhudze kanthu. Redson sanadabwe, anakulira kwa Mwase, osati m'tauni. Anaimirira, nalankhula akuyang'ana kumsana kwa mpando wakutsogolo.

"Ndikawongole miyendo kumbuyoku."

"Chabwino," a Fainala anayankha akuyang'ana pawindo.

Anakaima pafupi ndi zimbudzi, m'mimba mukulira, anthu akumupempha kuti adutse. Anaima mpaka miyendo inayamba kuphwanya, akudziuza kuti nkhalamba imadya pang'onopang'ono, asaidzidzimutse nthongo ili m'kamwa. Mumtima ankadzitamako ndithu kuti analeredwa.

Kumpando kuja a Fainala ankayang'ana mbale ya mkamwini wawo. Inali chivundikirire. Munthu wachoka kutali kudzawatenga, wawanyamulira chikwama tsiku lonse, ndiye iwo ayambe kudya iye asanalawe? Kwa Njombwa angamve bwanji? Anapinda manja n'kudikira kuti abwere adye, iwo adzadya iye akagona. Mtsikana uja anabwera, nafunsa zinazake m'Chingerezi. A Fainala anamwetulira n'kugwedeza mutu, monga ankachitira ndi aliyense wolankhula Chingerezi. Mbale zonse ziwiri zinapita.

Redson atabwerera anapeza matebulo atapindidwa. Mtima unakhala pansi. Funso linafika pakamwa, loti kodi mwadya, koma analimeza. Mkamwini amafunsa za m'mimba mwa apongozi ake? Anakhala pansi ndi njala yake, ndipo posakhalitsa magetsi anazimitsidwa.

Sanagone. Kakanema kamene kanali patsogolo pake kankaonetsa kandege kali pakati pa madzi okhaokha, kosaoneka ngati kakuyenda. Ankaganiza za Liness, ngati wagona, ngati mwana akugunda. Ali m'maganizo choncho anamva kulemera paphewa. Mutu wa apongozi ake unali utatsamira pa iye.

Thupi lonse linauma. Sanacheuke, sanasunthe, ngakhale kupuma ankachita kuba. Akawadzutsa, adzadzuka n'kupeza ali paphewa pa mkamwini, ndipo manyazi ake adzawapha. Bola awasiye, adzatembenuka okha m'tulo, iye n'kunamizira kuti anali mtulo nayenso. Anatseka maso n'kupirira. Phewa linachita dzanzi, iye chikhalire, akupemphera kuti pasadutse munthu wakumudzi wowadziwa, ngati kuti m'ndege yopita ku Amereka mumadzadza anthu a kwa Njombwa.

Chimene chinamudzidzimutsa ndi kunyowa. Malaya ake anali atanyowa kuchokera paphewa mpaka pachifuwa, chonsecho m'ndegemo munkazizira moti anthu anali atafunda mabulangete. Thukuta la munthu wogona silizizira choncho.

"Amayi," ananong'ona akuyang'ana kutsogolo. Zii.

"Amayi!"

Apa ndiye anacheuka. Kukamwa kunali yasa, dovu likutsika, dzanja likunjenjemera pachitenje. Redson anakuwa, ndipo sakumbuka kuti anakuwa m'chilankhulo chanji.

Magetsi a pamwamba pawo anayaka. Mtsikana uja anathamanga, naitana kuti ngati muli dokotala abwere. Anabwera mayi wina wachizungu, tsitsi lili nyankhalala ndi tulo, nawabaya a Fainala pachala n'kuyang'ana kachipangizo kake. Nkhope yake inasintha: shuga anali atatsikiratu. Anafunsa ngati anadya.

"Anadya," anatero Redson.

"Sanadye," anatero mtsikana uja. "Mbale zonse ziwiri ndinachotsa zosakhudza."

Kumwa sakanatha, akanatsamwa. Dokotalayo anang'amba kapaketi ka shuga wa phalaphala n'kumupatsa Redson, iye akukonza jakisoni. Anamuuza kuti awagwire mutu, awapake m'kati mwa tsaya. Redson anawanyamula mutu apongozi ake pamkono. Duku linagwa, imvi zonse poyera. Analowetsa chala m'kamwa mwawo n'kumapaka, misozi ikugwera pachitenje chawo.

"Akhala chonchi nthawi yaitali bwanji?" dokotala anafunsa.

Redson anayang'ana malaya ake onyowa aja, dokotala nayenso anawayang'ana, ndipo sanafunsenso. Anangoti shuga akwera, koma za mutu sangalonjeze. Ena amabwerera msanga, ena amatenga masiku, ena sabwereranso bwinobwino. Zimatengera kutalika kwa nthawi. Pansi panali madzi okhaokha, malo oti ndege n'kutera panalibe.

Patapita nthawi a Fainala anaphethira. Anatsegula maso, nayang'ana denga, nayang'ana dokotala, kenako anayang'ana Redson. Anamuyang'ana m'maso mwenimweni, osaphethira, mutu uli pamkono pake.

"Achimwene," anatero ndi mawu olemera, "ndinu a kuti inu?"

"Ndine Redson, amayi. Mwamuna wa Liness. Tikupita kwa Liness."

"Liness ali kusukulu," anatero a Fainala. "Aweruka masana."

Dokotala anati adye tsopano, chilichonse. Mtsikana uja anabwera ndi buledi ndi tiyi wa shuga wambiri. Redson ananyema buledi, ndipo a Fainala analandira m'manja mwake momwemo n'kuyamba kutafuna. Ankatafuna bwinobwino akumuyang'ana, mutu uli pambalambanda, dzanja lina litagwira mkono wake.

"Inu simudya?" anamufunsa. "Idyani, achimwene. Ndi wambiri uyu."

Redson anagwedeza mutu. Ankadikira kuti mwina tsopano adzidzimuka, afufuze duku lawo, akokere chitenje kumaso, atembenukire kuwindo. Anawapatsa chidutswa china, n'kudikira. Anawapatsanso china. Kunja kunayamba kuyera, anthu anayamba kutsegula mawindo, ndipo mawu anamveka kuti akonzekere kutera.

A Fainala anali akumuyang'anabe, akumwetulira.