Kabokosi Kobisika pa Mzere wa Aphunzitsi

Ntchito yake inali yokonza ndandanda wa mabasi: iyi inyamuke nthawi yakuti, iyo idikire dalaivala, inayo ipite kugalaja. Sabata yonse maso ake ankakhala pa sipuredishiti, tsamba lija la pakompyuta lodulidwadulidwa timabokosi, mpaka anzake a muofesi anangomutcha Namizere. Koma kuseri kwa tsamba la mabasi kunali tsamba lina, ndipo kumeneko kunalibe basi ngakhale imodzi.

Kunali dziko. Zilumba makumi anayi zoyandama pa nkhungu, chilichonse ndi mzere wakewake: dzina lake, nyengo yake, okhalapo, ndi chimene amaopa. Pa chilumba chachisanu ndi chiwiri mvula inkagwa chokwera. Pa china anthu ankaweta mabelu ngati nkhuku, m'mawa n'kuwatsegulira kuti akalire kubwalo. Abwana akamalankhula za matayala, Namizere ankangogwedeza mutu, koma mtima uli kutali, ukupalasa pakati pa zilumbazo.

Lamlungu lililonse masana dziko limeneli linkatsikira pa tebulo la pabalaza kwa achimwene ake. Masewerawo sanali ovuta. Namizere ankasimba nkhani, wosewera aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo. Munthuyo akafuna kuchita chinthu choopsa, mwini wake ankaponya dayisi ya mbali makumi awiri. Namizere ankalemba nambala yatulukayo, kompyuta n'kuiphatikiza ndi mphamvu za munthuyo, basi kabokosi n'kusanduka kobiriwira ngati zatheka, kofiira ngati zakanika. Tsambalo ankalilumikiza ku wailesi ya kanema kuti aliyense azidzionera yekha.

Osewera anali atatu. Alamu ake, akazi a achimwenewo, omwe anali atelala, ankasewera mbala yoyenda pa madenga. Ometa a nyumba yoyandikana nayo, bambo a pakamwa posapuma, ankasewera mfiti ya mphepo, ndipo anali atafa kale kasanu chifukwa cha phuma. Wachitatu anali achimwene akewo, Aphunzitsi a masamu, amene ankasewera Mpalasi, mwini bwato loyenda pa nkhungu.

Zaka ziwiri m'mbuyomo matenda a sitiroko anawalanda Aphunzitsi dzanja lamanja ndi mawu ambiri. Atachoka kuchipatala anatembenuzira mpando wawo kukhoma la kuchipinda, n'kukhala pamenepo miyezi itatu, osafuna mlendo, osafuna wailesi. Chimene chinawatulutsa ndi masewerawa. Tsiku loyambalo anaponya ndi dzanja lamanzere, dayisi n'kugwa pa 3. Namizere anaopa kuti kufiira kumodzi kokha kungawabwezere kukhoma kuja. Ndiye anachita zake zaukathyali: kumapeto kwa mzere wa Mpalasi anaika kabokosi kowonjezera chilichonse chimene chaperewera, n'kulembapo ndi zilembo zoyera pa tsamba loyera kuti pasapezeke wokaona. Kuyambira pamenepo Mpalasi sanagwepo.

Tsono dzanja lozolowera ntchito lilibe maso. Lachisanu lina abwana anakalipa kuti ndandanda ikutuluka yotuwa pa pepala, zilembo zonse zikhale zakuda. Namizere, maganizo ali pa chilumba cha mabelu, anasankha tsamba lonse, n'kudina chakuda, n'kutseka kompyuta. Sanaone kuti wadina pa tsamba lolakwika.

Lamlungu kunja kunkawaza kamvula. Mawindo anachita nthunzi, tiyi akufuka m'makapu, ndipo Namizere anayamba kusimba ndi mawu ake apansipansi aja.

"Bwato lafika pa Mpata wa Mbalame Zogona. Zapachikika m'mwamba, mapiko otambasula, zikupuma pang'onopang'ono. Mpweya wawo ndi umene umapanga nkhungu yonseyi. Pansi panu palibe madzi, palibe nthaka, kuli kuwala kokhakokha. Mukagunda nthenga imodzi, zonse zidzuka."

"Ine ndiye ndatseka pakamwa," anatero Ometa.

"Zikhala zoyamba chibadwire," anayankha atelala.

Aphunzitsi sanaseke. Maso awo anali pa kanema, kumapeto kwa mzere wawo. Anakweza chala chamanzere n'kuloza. Pamenepo panali kabokosi kachilendo, zilembo zakuda bii: ACHIMWENE ASAGWE.

Munthu amene waphunzitsa masamu zaka makumi atatu sungamunamize pa kabokosi kotero. Namizere anawaona akuwerenga, milomo ikuyenda, akutsata mmene kabokosiko kankadyetsera nambala m'kabokosi kawo kobiriwira.

"Aaa, kodi!" anafuula Ometa. "Ine kufa kasanu konse kuja, anzathu ali ndi mngelo wawo?" Atelala anawaponda phazi pansi pa tebulo.

Aphunzitsi anatembenukira kwa mlongo wawo. Mawu anavuta kutuluka, monga mwa masiku onse.

"Ndimayesa... ndine."

Anadzuka, n'kutenga ndodo yawo, n'kulowera kuchipinda. Onse anamva mpando ukukwekwereka pansi, ukutembenuzidwa.

Chimene Namizere ankachiopa zaka ziwiri chinali chitachitika, ndipo wochichititsa anali iye mwini. Kenaka anawatsatira, n'kukaima pakhomo la chipinda. Anangoona msana wawo ndi khoma.

"Achimwene, ndalakwa. Ndinkaopa kuti mukagwa simudzabweranso patebulo."

Namizere anasendera pafupi, n'kupitiriza.

"Kuponya munkaponya ndinu. Njira zonse zija munkasankha ndinu. Ine ndinangoba kugwa kokha."

Mvula inkangowaza pa malata. Pamapeto pake Aphunzitsi analankhula osatembenuka.

"Fufuta."

"Ndifufuta. Koma mubwere mudzaone ndi maso anu."

Anabwera, pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pansi. Namizere anafufuta kabokosiko onse akuona. Aphunzitsi anakhala pansi, n'kutola dayisi, n'kuigwedeza nthawi yaitali m'dzanja lamanzerelo. Inagubuduka, n'kugunda kapu ya Ometa, n'kuima pa 4. Namizere analemba, ndipo kabokosi ka Mpalasi kanafiira kwa nthawi yoyamba.

Namizere anayambanso kusimba. "Nkhafi yakhudza nthenga. Mbalame zadzuka, bwato lapendekeka, koma mwamwayi pansi pake pali kamtambo kofewa..."

Aphunzitsi anamenya tebulo, masupuni n'kulira.

"Ayi!"

Namizere anatseka maso, n'kusimba zoona. Anasimba mmene mbalame zikwizikwi zinakupizira mapiko nthawi imodzi, nkhungu n'kung'ambika. Mmene Mpalasi anakankhira anzake awiri pa thanthwe la pampata, iye n'kutsala yekha m'bwato. Mmene bwatolo linatsikira m'kuwala kuja mosafulumira, likuzungulira, zilumba makumi anayi zikuchepa pamwamba pake, mabelu akumveka patali ngati kuti wina waiwala kuwatsekera. Mpalasi sanakuwe. Anaika nkhafi pamiyendo n'kumayang'ana, poti m'moyo wake wonse anali asanalionepo dziko lake kuchokera pansi.

Atatsegula maso anapeza atelala akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Aphunzitsi anali atatsamira kumpando, maso ali kudenga, mbali imodzi ya pakamwa pawo itakwera. Kenaka kunatuluka phokoso limene nyumbayo inali italiiwala: kuseka kwawo kuja kwa m'mimba, kosweka pang'ono, koma kwawo ndithu.

"Takulandirani kwa akufa, Aphunzitsi," anatero Ometa. "Kuno timakhala bwino, musaope."

Aphunzitsi analoza pa kanema, pansi pa mzere wofiirawo, pamene panali timabokosi topanda kanthu.

"Wina."

Namizere anatsegula mzere watsopano, n'kuika zala pa mabatani. "Dzina lake ndani, achimwene?"

Milomo yawo inayamba kulimbana nalo dzinalo. Linakana, linabwerera, linayambiranso. Atelala anatsegula pakamwa kuti awathandize, koma anatsekanso. Tiyi anazizira m'makapu, ndipo onse atatu anangodikira kuti alitchule okha.