Mankhwala Akapha Mbozi, Amapita Kuti?

Fomu yanga anaibweza Lachiwiri, ndipo ndinatuluka mu ofesi muja ndikulalata.

Ine ndili ndi sitolo ya mbewu ndi mankhwala a kumunda. Chaka chimenecho kampani ina yakunja inanditumizira mabotolo khumi a mankhwala atsopano ophera mbozi. Inati ndikawalembetsa ku boma, wowagulitsa ndidzakhala ine ndekha. Ndinawayesa pa kabichi kuseri kwa sitolo, mbozi n'kungoti mbwee pansi. Ndinajambula zithunzi n'kuthamanga nazo ku ofesi yovomereza mankhwala.

Amayi amene ndinawapeza mu ofesimo anayang'ana zithunzizo n'kuzikankhira pambali.

"Zoti amapha taona, bambo. Nanga akapha mbozi, iwowo amapita kuti?"

"Amapita kuti bwanji? Amatha basi."

"Amatha pakapita masiku angati?" Anandipatsa pepala lodzaza mafunso. "Tikufuna zotsatira za kafukufuku. Amakhalitsa bwanji m'dothi? Mvula ikagwa amakakamira pomwepo, kapena amayenda ndi madzi mpaka ku chitsime? Amazitani nsomba, njuchi, mbalame ndi nyongolotsi? Akamawola amasanduka chiyani? Kampani imene inawapanga iyenera kukhala ndi mayankho onsewa. Tisanawaone, musagulitse kapena kupatsa munthu ngakhale dontho."

"Koma abale, mpaka nyongolotsi zili ndi loya masiku ano?" ndinatero. Mumtima ndinkati mayiyu akungofuna kangachepe. Pepala lija ndinakaliponya m'dirowa.

Loweruka mlongo wanga anafika pa sitolo akudandaula kuti mbozi zamaliza matimati kudimba. Ndinamupatsa botolo limodzi. Ndisanamupatse ndinayamba ndamatula chipepala chake, ndiye musandifunse ngati ndinkadziwa kuti ndikulakwa. Ndinkadziwa.

Dimba la mlongo wanga lili pamtunda. Kumunsi kwake kuli damu la nsomba la alamu anga, amuna ake, limene anakumba ndi khasu miyezi inayi, ndipo pambali pake pali chitsime chimene mabanja asanu amamwa. Mlongo wanga anapopera Lolemba. Lachitatu kunagwa chimvula.

Nditafika Lachinayi m'mawa, damu lonse linali mbuu, nsomba zili chagada. Alamu anali atagwira kolala ya bambo wokonza njinga, woyandikana nawo nyumba, amene anakangana naye mwezi wapitawo pa nkhani ya malire.

"Ndinu! Munanena kuti ndidzaona!"

"Ine ndithire poizoni m'madzi amene adzukulu anga amasambamo?" anatero mkuluyo.

Mlongo wanga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinakhala duu, bambo wamkulu ndi ndevu zanga, munthu wosalakwa akutukwanidwa pamaso pa ana.

Masiku atatu anadutsa. Anthu anasiya kupititsa njinga kwa mkulu uja, ndipo akazi ake akafika pachitsime amayi anzawo ankavundikira ndowa zawo. Tsiku lachinayi mlongo wanga analowa mu sitolo n'kutseka chitseko.

"Achimwene, ana anga akumwa madzi a chitsime chija. Mundiuze, muli chiyani m'botolo muja?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa? Ndiye munandipatsiranji?"

Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawaonepo chibadwire. Ndinatulutsa pepala lija m'dirowa. Funso la madzi a chitsime linali momwemo, lachiwiri pa mndandanda.

M'mawa mwake ndinabwerera ku ofesi, mabotolo asanu ndi anayi otsalawo ali m'katoni. Ndinaulula zonse. Amayi aja sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa.

"Choyamba, aliyense asiye kumwa pachitsimepo lero lomwe," anatero. "Nsombazo asadye munthu, asadye galu. Zikwiriridwe kutali ndi madzi. Mawa anzathu abwera kudzatenga madzi ndi dothi kuti akayeze ku labotale. Mwaona tsopano, bambo? Mafunso aja si okuvutitsani. Mankhwala ena amatha pa sabata imodzi, ena amagona m'dothi mpaka chaka. Tikadziwa, timalemba pa botolo kuti musapopere pafupi ndi madzi, kapena timawakaniratu."

Ofesiyo inalembera kampani ija, ndipo mayankho anabwera pasanathe milungu iwiri. Mankhwalawo amakhala m'dothi miyezi yambiri, amayenda ndi madzi a mvula, ndipo nsomba zimafa ndi pang'ono pokha. Zonse zinali zolembedwa kale. Ine ndi amene sindinafunse. Safunsa anadya phula, koma pano phulalo anadya ndi anthu ena.

Koma sindinadikire mayankhowo kuti ndipite kudamu. Madzulo a tsiku limene ndinachoka ku ofesi ndinaitanitsa mabanja onse asanu, ndinaima pamene paja mkulu uja anagwidwa kolala, n'kunena kuti wopha nsomba ndine. Alamu anangotembenuka n'kulowa m'nyumba. Wokonza njinga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Botolo lija ndakukhululukirani, mwina simunkadziwa mphamvu yake," anatero. "Koma tsiku lija munali pano. Munamva zonse zimene ankandinena."

"Ndinamva, bambo."

"Chabwino. Mukauzenso a pamsika. Kumeneko ndi kumene dzina langa lafera."

Ndinapita. Ndinayenda benchi ndi benchi, kuyambira ogulitsa makala mpaka ometa tsitsi, kubwereza mawu omwewo nkhope ili pansi.

Mankhwala aja boma linawakana, ndipo sitolo yanga anaitseka miyezi itatu. Miyezi imeneyo ndinaithera kudamu, tikuchotsa matope ndi alamu monga anatilangizira a ku ofesi. Poyamba tinkagwira ntchito osalankhulana. Chitsime anachiyeza katatu, ndipo ulendo wachitatu anati madzi ali bwino. Chaka chino m'damu muli nsomba, ndipo pakhomo pa mkulu uja njinga zikuchita kudikirana.

Anzanga ogulitsa ndi inu alimi, mverani ine amene ndinapsa. Mankhwala akapha tizilombo, ntchito yofufuza siinathe. Boma likamafuna umboni wa mmene amakhalira m'dothi, m'madzi ndi pa zamoyo zina, likuteteza chitsime chanu chomwe. Gulani ovomerezeka okha, a chipepala chonse, ndipo werengani musanapopere. Botolo lopanda chipepala likaneni, ngakhale wokupatsaniyo akhale mchimwene wanu wa bere limodzi.