Tsiku Lomwe Galimoto ya Bambo Inalira

Galimoto ya malemu bambo inakhala zaka zambiri kuseri kwa nyumba ya amayi, itakwezedwa pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Amayi ankaitchula kuti mkazi mnzawo, poti bambo ali moyo ankaisisita kuposa mmene ankawasisitira iwo. Achimwene anga, omwe amagwira ntchito mu ofesi ndipo savula tayi ngakhale Loweruka, ankati ndi chiphapha chongoyenera ogula zitsulo zakutha.

Ine ndine telala. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo kusenza mitolo pamutu n'kumakanganirana malo m'minibasi kunali kutandikwana. Tsiku lina ndinafunsa amayi ngati angandilole kuidzutsa galimotoyo.

"Ukaidzutsa ndi yako, mwanangu," anatero akuyanika zovala. "Nanga ine ndichita nayo chiyani? Ikungondiwetera makoswe pakhomo pano."

Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Tili ana, ndine ndinkapatsira bambo masipanala, achimwene atathawa kuopa girisi, choncho pansi pa boneti sipanali pachilendo kwa ine. Koma zomwe ndinapezamo zinali zoopsa. Makoswe anali atadya mawaya, petulo wakale atasanduka phala lonunkha m'thanki, mabuleki atagwirana ndi dzimbiri. Injini inali itauma gwa. Ndinachotsa mapulagi, n'kumathira oyilo m'mabowomo Loweruka lililonse, mpaka tsiku lina inavomera kutembenuka. Ndinalira ndekha kuseriko ngati wopusa.

Achikulire oyandikana nafe, omwe amawotcherera zitsulo, ananditsekera mabowo a pansi pa mipando. Zina zonse ndinachita ndekha: kutsuka thanki, kumasula kabuleta, kulumikiza mawaya limodzilimodzi. Makasitomala anga anayamba kuyang'ana zikhadabo zanga zakuda asanandipatse nsalu yoyera, ndipo ena anapita kwa atelala ena. Sindinadandaule.

Nditaitsitsa pa njerwa, achimwene anayamba kufika pafupipafupi.

"Kodi achemwali, yafika pati nkhalambayi?" ankafunsa, akuponda tayala ndi nsonga ya nsapato yawo yopolisha.

Mpaka anandibweretsera batire, lakale koma lamoyo. Ndinasangalala kwambiri. Ndinkati magazi ayamba kulankhula, mlongo wanga wandikumbukira.

Chomwe chinandikanika ndi sitata yolizira injini. Inali itapseratu, ndipo yofanana nayo sinkapezeka. Achikulire owotcherera aja anati tisavutike, galimoto zamakedzana zimalira ndi kukankha. Tinapangana Loweruka m'mawa, achimwene nawo anabwera, ndipo tinaitulutsira pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba, womwe umatsetsereka pang'ono.

Ndinatsegula chitseko kuti ndikhale pachiwongolero. Amayi, omwe anaima pageti, anandiletsa.

"Mchimwene wako msana umamuvuta, ukudziwa. Msiye akhale mkatimo, iwe uli ndi mphamvu."

Sindinaonepo cholakwika. Ndinawapatsa makiyi achimwene, n'kuwalangiza ngati mwana wasukulu.

"Muike giya yachiwiri, mupondetse kilatchi. Ndikakuwa, muisiye msanga. Ikalira musaizimitse, chonde, sitata palibe. Mupite nayo mpaka kumapeto kwa msewu, muzungulire, mubwere."

"Ndamva, amakaniko," anatero akuseka.

Tinakankha, ine ndi achikulire aja. Koyamba inangotsokomola. Kachiwiri inagwedezeka n'kukhala chete. Kachitatu ndinaika phewa pachitsulo, patapata wanga mmodzi n'kuduka, ndinakuwa, ndipo galimoto inalumpha, inaphulitsa utsi wakuda kumaso kwanga, n'kulira. Linali liwu lomwe lija tinkalimvera patali tili ana n'kudziwa kuti bambo akubwera. Ndinagwada pamsewu pomwepo, ndikuseka, misozi ili chuchuchu. Galimoto inatsetsereka bwinobwino, n'kukhota pakona.

Ndinadikira. Achikulire aja anadikira nane, kenaka anati ali ndi geti loti awotcherere, napita. Dzuwa linakwera, utsi unatha, msewu unangoti zii. Mtima unayamba kundiuza kuti yawazimira panjira, ndipo munthu wa tayi uja waima pambali pake manja ali m'thumba, osadziwa pogwira.

Ndinathamangira kuseri kukatenga bokosi la masipanala. Ndinapeza amayi akusesa pamalo pomwe galimoto inkakhala, njerwa ataziunjika kale pakhoma.

"Ika pansi bokosilo," anatero osandiyang'ana. "Sinazime. Wapita nayo kwake."

"Kwawo? Akatani nayo?"

"Ana ake amavutika popita kusukulu. Komanso munthu wa udindo ngati uja kumayenda wapansi, anthu amatiseka. Ndi mwana wamwamuna, dzina la bambo ako lili pa iye."

"Amayi, si inu munati ndikaidzutsa ndi yanga?"

"Ndinatero, inde. Koma chibale n'fupa, mwanangu, sichiola. Ukafuna kunyamula mitolo yako uzikamupempha, sangakukanize."

Kukabwereka galimoto yomwe ndinaichotsa manyi a makoswe ndi zala zanga. Ukali unandikwera mpaka m'makutu, koma chomwe chinandipweteka koposa n'chakuti mawu awo sananjenjemere n'komwe. Si nkhani yomwe inawabwerera m'mawa umenewo ayi. Msana wa achimwene sunali kuvuta chilichonse, ndipo ine ndinakankha ndi phewa langa, n'kuwauzanso ndi pakamwa panga kuti asaizimitse.

"Munagwirizana liti?" ndinafunsa.

"Kalekale. Injini itangoyamba kutembenuka."

"Ndiye miyezi yonseyi mumandibweretsera madzi akumwa kuno, mukundiona ndili chagada pansi pake, osandiuza?"

Apo ndiye anaimika tsache, n'kundiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa za chibwana.

"Nanga ndikanakuuza, ukanaimaliza?"